Mwana angayambe koleji adakali ku sekondale: zimene ndinaphunzira pa ana anga awiri

Tsiku limene mwana wanga wachisamba anabwera ndi pepala la dual enrollment, dongosolo lotenga maphunziro a kukoleji mwana adakali ku sekondale, ndinasaina chiimire m'khitchini, zovala za kuntchito ndisanavule. Mawu amene ndinagwira anali akuti koleji yaulere, basi. Mnyamatayo anakhetsa thukuta zaka ziwiri n'kupeza ma credit 24 (mapointi owerengera maphunziro a kukoleji), koma yunivesite imene anapita inamuwerengera 15 okha pa digiri yake ya uinjiniya. Otsalawo anawalemba ndithu, koma ngati maphunziro ongodzazira. Masamu amene anatenga sanali amene injiniya amafunika, ndipo ine ndi amene sindinafunse. Mlongo wake atafika giredi 10 tinayenda njira ina, ndipo ndiyo ndikufuna kukuuzani, makolo anzanga amene muli ndi ana ku sekondale kuno ku America.

Dongosololi n'losavuta kumva. Mwana wa giredi 11 kapena 12 amatenga phunziro la kukoleji, ndipo limawerengedwa kuwiri: pa satifiketi ya sekondale komanso pa digiri. Phunziro limodzi kawirikawiri ndi ma credit 3. Digiri ya zaka zinayi imafuna pafupifupi 120, ya zaka ziwiri 60. Choncho mwana wotuluka ku sekondale ndi ma credit 30 oyenera wakupulumutsirani fizi ya chaka chathunthu.

Malamulo ake amasiyana chigawo ndi chigawo. Ku Minnesota dongosololi amalitcha PSEO, linayamba mu 1985, ndipo mwana salipira fizi ngakhale mabuku. Ku Washington amati Running Start: fizi kulibe, koma mabuku ndi mayendedwe n'zanu. College Credit Plus ya ku Ohio imalandira ana kuyambira giredi 7. Georgia imalipirira ma credit osapitirira 30. Kuno ku Indiana amakonda kunena kuti dual credit, ndipo maphunziro a Ivy Tech Community College ophunzitsidwa pasukulu ya mwana pomwepo salipiritsa.

Musayambe n'kusankha maphunziro. Yambani n'kumene mwana akulowera. Khalani naye pansi alembe mayunivesite atatu kapena anayi amene akuwaganizira, ndi ntchito imene akuilakalaka ngakhale asanatsimikize. Kenako alembe imelo ku ofesi yolembetsa ophunzira ya yunivesite iliyonse, atchule dzina ndi nambala ya phunzirolo, afunse mafunso awiri. Loyamba: kodi mulilandira? Lachiwiri, limene ine ndinaliphonya: kodi lilowa m'malo mwa phunziro liti pa digiri imeneyi? Yankho lolembedwa mulisunge. Zonenedwa pafoni zimauluka ndi mphepo, ndipo amene munalankhula naye mwina sadzakhalapo zaka ziwiri zikubwerazi.

Nkhaniyi si yaing'ono. Lipoti la 2017 la ofesi ya boma ya GAO linapeza kuti ophunzira osamuka koleji ankataya pafupifupi 43 peresenti ya ma credit awo. Chotiteteza n'chakuti zigawo zambiri zili ndi mapangano pakati pa makoleji a boma. Ku Indiana kuli mndandanda wotchedwa Core Transfer Library, wa maphunziro amene makoleji a boma amalandirana, komanso Indiana College Core, mtolo wa ma credit 30 umene umasamuka wonse pamodzi mwana akaumaliza. Ku Texas mtolo wotero ndi wa ma credit 42. Mwana akamafuna kuwoloka malire a chigawo, onani pa Transferology, tsamba la pa intaneti loonetsa maphunziro amene makoleji amalandirana, koma imelo ija ilembedwebe. Mayunivesite ena osakhala a boma ndi okhwimitsa zinthu: Harvard sawerengera maphunziro a kukoleji amene munthu anachita asanafike kwawoko. Kwa mwana woloza malo otero, maphunzirowa amangosonyeza kuti ndi wakhama.

Mtsikana wanga tinamusankhira zimene pafupifupi digiri iliyonse imafuna: kulemba Chingelezi, kulankhula pagulu, mbiri ya America, saikoloje. Masamu tinadikira mpaka atatsimikiza kuti akufuna unamwino, chifukwa masamu ndi sayansi ndi pamene ma credit amatayika kwambiri. Bayoloje ya aliyense ndi bayoloje ya ofuna za chipatala ndi maphunziro awiri osiyana, ngakhale maina ake akufanana.

Kulembetsa kumadzera kwa mlangizi wa pasukulu. Pitani mu Januwale kapena Febuluwale, pamene akukonza ndandanda ya chaka chotsatira. Adzaona GPA ya mwana, imene ndi avereji ya magiredi ake, ndipo makoleji ena amafuna kamayeso koyezera kuwerenga ndi masamu, monga Accuplacer. Funsaninso kumene kalasi ichitikire. Ikakhala kukoleji kwenikweni, ganizirani wokamusiya ndi kukamutenga, poti basi ya sukulu nthawi zambiri sifika kumeneko.

Pali chinthu china chimene ndimachinena ndi mtima wonse. Magiredi a maphunzirowa amalembedwa pa transcript, chikalata cha magiredi cha kukoleji, ndipo safufutika. Mwana wa zaka 16 akagona pa phunziro limodzi, D ameneyo amamutsata. Mayunivesite ambiri salandira giredi yochepera C. Thandizo la ndalama la boma lodzera pa fomu ya FAFSA limafuna kuti wophunzira azikhoza bwino ndi kumaliza maphunziro ochuluka mwa amene wayamba, ndipo a ku sekondalewa akhoza kulowa m'chiwerengerocho. Wofuna udokotala adzawaonetsanso polembetsa sukulu ya zachipatala. Ku Ohio, sukulu ikhoza kuuza banja kuti libweze ndalama mwana akalephera. N'chifukwa chake semesita yoyamba tinatenga phunziro limodzi lokha. Tsiku lomaliza losiya phunziro n'kungolembedwa W (kusonyeza kuti wasiya, osati walephera) ndinalilemba ndi cholembera chofiira papepala n'kulimata pachitseko cha fuliji, ndipo kutatsala sabata tinkakhala pansi n'kuona mmene mayeso ayendera.

Musadabwe mphunzitsi wa kukoleji akakana kukuuzani magiredi a mwana wanu. Lamulo la FERPA la 1974 limapereka ufulu wosunga chinsinsi cha magiredi kwa wophunzira wa kukoleji, ngakhale asanakwane zaka 18. Kuli fomu imene mwana amasaina yokulolani kuona. Ife tinasaina, koma ndinamuphunzitsanso kulembera yekha aphunzitsi ake akakhala ndi vuto, ndipo imelo yake yoyamba anaikonza kanayi asanatumize.

Semesita iliyonse sungani silabasi ya phunziro lililonse. Yunivesite ikakayikira phunziro, imapempha silabasi kuti ione zimene munali, ndipo kuisaka patapita zaka n'kovuta. Yathu ili m'chikwama chabuluu, pamodzi ndi maimelo aja osindikizidwa. Mwana akamaliza giredi 12 asathamangire kutenga maphunziro ena kukoleji asanafunse, chifukwa akhoza kuyesedwa wosamuka n'kuphonya thandizo la ndalama la ongoyamba kumene. Pomaliza, magiredi onse akatuluka, pemphani transcript ku koleji imene inaphunzitsa kuti itumize yokha ku yunivesite. Ya ku sekondale siikwanira. Mtsikana wanga anatumiza yake mu Juni, ndipo mu Ogasiti ma credit ake onse 30 anali atalowa pa digiri.