Zoyenera kuchita ndege yaing'ono ikatera mwadzidzidzi kwanu

Woyendetsa ndege yaing'ono nthawi zambiri amadalira maso ake, choncho chifunga cha m'nyengo yozizira chikakuta phiri la Dedza, lotalika pafupifupi mamita 2,200, kapena mapiri a Kirk Range ku Ntcheu, wanzeru amatera m'dambo kapena pabwalo la mpira akadali ndi mafuta ndiponso akadaona pansi. Wotereyu wachita bwino, ndipo asanenedwe kuti walephera ntchito. Ife a ku Ntcheu sitiiwala ndege ya Dornier 228 imene inalephera kutera ku Mzuzu chifukwa cha nyengo yoipa pa 10 Juni 2024, n'kukagwa m'nkhalango ya Chikangawa ndi kupha anthu onse 9, kuphatikizapo Dr Saulos Chilima amene tinawaika m'manda ku Nsipe.

Ndege ikatera, yambani mwaletsa ana kuthamangirako. Musayandikire injini isanazime, ndipo ngakhale itazima musakhudze pulopela, chija chimazungulira kutsogolo, chifukwa nthawi zina kuchitembenuza pang'ono pokha kumachititsa kuti injini ilirenso. Mafuta a ndege zambiri zotere amakhala m'mapiko ndipo sachedwa kuyaka, kotero fodya, machesi ndi nsakali zikhale kutali, komanso pasapezeke wobwera ndi chigubu kudzatapa otayikawo.

Wovulala musamukoke kapena kumunyamula mwachisawawa pokhapokha ngati moto wabuka, pakuti khosi kapena msana wothyoka ukagwedezeka munthu amatha kulumala moyo wake wonse. Pamene pakutuluka magazi panikizanipo ndi chitenje choyera, mumufunditse bulangete popeza kuno kumazizira, ndipo muzimulankhula mpaka achipatala afike.

Wina aimbire apolisi nthawi yomweyo, atchule mudzi, mfumu, sukulu kapena msika wapafupi ndi njira yochokera pamsewu wa M1. Amene ali ndi foni ya WhatsApp atumize malo enieniwo. Ngakhale mutangomva ndege ikulira motsika m'chifunga kenako n'kukhala zii, kaneneni nthawi imene munaimva ndi mbali imene imalowera, pakuti ya ku Chikangawa ija inapezeka mawa lake.

Amfumu aike anthu olondera kuti pasachoke ngakhale kachitsulo, chifukwa ofufuza amazindikira chimene chinachitika poona mmene zidutswa zagwera. Zithunzi za ovulala kapena omwalira musaziike pa Facebook. N'zopweteka kwambiri kuti abale amve uthenga wotere kudzera pafoni ya mlendo.