Ma fey anu asamangokhala tianthu ta mapiko

Inu ma DM (otsogolera nkhani m'masewero) a Dungeons & Dragons, masewero omwe osewera amakhala ngati anthu a m'nthano, chonde ma fey, zolengedwa zamatsenga za m'nthano, musamawafotokoze ngati tianthu tokongola ta mapiko a gulugufe basi. Mu nthano za ku Ireland ndi Scotland zinthuzi zinkaopedwa, zinkaba ana n'kusiyapo ena, ndiye kukongola kwake kuzikhala ndi kenakake kosokonekera. Dryad, fey wokhala mu mtengo, khungu lake lifanane ndi khungwa la mtengo wake womwewo, masamba m'tsitsi azisintha ndi nyengo, nkhwangwa ikagunda mtengowo iyenso azituluka utomoni. Satyr, fey yemwe ndi theka munthu theka mbuzi, miyendo ya mbuzi inde koma mupatseninso maso a mbuzi aja a kamzere kopingasa, amaopsa kobasi. Green hag, mfiti yokalamba yobiriwira khungu, nayenso ndi fey tu, musamuiwale. Ine ndimawonjezera kachilendo kamodzi kokha, mthunzi wotsalira m'mbuyo kapena zala 6, ndimakatchula kamodzi osabwereza, osewera azindikire okha.