Momwe mungayesere ngati AI agent ikumvetsa malongosoledwe a zida zanu

AI agent, pulogalamu ya AI imene imasankha yokha zida zoti igwiritse ntchito poyankha munthu, siona code ya pulogalamu yanu. Imangoona dzina la chida (kapulogalamu kogwira ntchito imodzi kamene agent imatha kuitana), mawu ochepa ofotokoza ntchito yake, ndi mndandanda wa zomwe chidacho chimafuna, wolembedwa mu JSON Schema, kalembedwe kofotokozera mtundu wa data. Basi. Kaya polumikiza zida ku agent mukugwiritsa ntchito function calling imene OpenAI inayambitsa mu June 2023, kaya Model Context Protocol (MCP) imene Anthropic inatulutsa mu November 2024, nkhani ndi yomweyo: malongosoledwe akakhala osokonekera, agent imatola chida cholakwika popanda kukayika n'komwe. Seva yanu ya MCP, pulogalamu imene imapereka zida zanu kwa agent, ndiyesa ikuyenda kale, ndiye zoika Node.js, imene imafunika kuti lamulo la npx lili m'munsili ligwire ntchito, sitikambapo.

Choyamba, tsegulani MCP Inspector polemba npx @modelcontextprotocol/inspector, muone zida zanu momwe zimafikira kwa agent. Muziwerenge ngati mlendo amene sanaonepo sisitimu yanu. Mukapeza zida ziwiri zofotokozedwa mofanana, zilembeni pambali, pakuti mavuto ayambira pomwepo.

Chachiwiri, konzani mafunso oyesera. Apa ndi pamene zinandivuta, ndiye ndichedwapo.

Ndinkakonza agent yoyankha makasitomala a shopu ina pa WhatsApp. Inali ndi chida choona ngati ndalama zalowa, ndi china choona pomwe oda yafika. Mafunso oyesera ndinalemba ndekha m'Chingerezi chowongoka, ndipo agent inakhoza onse. Makasitomala enieni atayamba kulemba, zinthu zinatembenuka. Wina analemba kuti, "Bwana ndatumiza dzulo pa Airtel Money koma mpaka pano zii." Agent inathamangira chida cha oda, n'kumuyankha kuti katundu wake sananyamuke, pomwe munthuyo ankafuna kudziwa ngati ndalama yake yaoneka. Chinachitika n'chakuti wolemba malongosoledwe ndi wolemba mafunso anali munthu mmodzi. Mawu anali amodzimodzi mbali zonse, ndiye agent inkangofananitsa mawuwo, osati kumva nkhani.

Ndiye mafunso atengeni m'mauthenga enieni, mutafufuta mayina ndi manambala a foni. Asiyeni momwe alili, Chichewa chosakaniza ndi Chingerezi, zilembo zodumphadumpha, zonse. Ngati mauthenga mulibe, pemphani mnzanu amene sanawerenge malongosoledwewo akulembereni. Pa funso lililonse lembani chida choyenera ndi zomwe ziyenera kulowamo. Muikemonso mafunso osafuna chida chilichonse, monga moni chabe, ndi ena operewera, amene agent iyenera kuyamba yafunsa nambala ya oda m'malo mopeka yakeyake. Masiku nawo ndi msampha. Kwathu kuno 03/04 ndi pa 3 April, koma ku America ndi pa 4 March. Lembani m'malongosoledwe kuti chidacho chimalandira tsiku mwa ISO 8601, chaka poyamba, kenako mwezi, kenako tsiku, ndipo muyese ngati agent ikutsatiradi.

Za ndalama pang'ono. Malongosoledwe a zida zonse amatumizidwa limodzi ndi funso lililonse, ndipo amawerengedwa ngati ma token, tizidutswa ta mawu timene mumalipira m'madola. Ndi kusowa kwa ndalama zakunja kuli kunoku, kuyesa mafunso ambiri kangapokangapo kumapweteka thumba. Njira yachidule ndi kuika pa laputopu Ollama, pulogalamu yoyendetsera ma model (model ndiye ubongo wa agent), n'kuyesera pa model yaing'ono ya Llama kapena Qwen. N'zaulere, kupatula bandulo yokopera, komanso model yaing'ono sichedwa kusochera, ndiye imakuonetsani msanga pomwe mawu anu ali ofooka. Model yolipirayo muisungire mayeso omaliza. Anyamata ogulitsa ma API key (makiyi olowera mu model yolipira) otchipa m'magulu a Telegram aja muwapewe. Kiyi imafa mawa lake, ndipo simudziwa kuti mauthenga a makasitomala anu akudutsa m'manja mwa ndani. Chimodzimodzinso ma seva a MCP ongotola pa GitHub, webusaiti yomwe anthu amaikako code: mu April 2025 a Invariant Labs, ofufuza za chitetezo cha AI, anaonetsa kuti munthu atha kubisa malamulo oipa m'malongosoledwe a chida, agent n'kuwamvera mwini wake osadziwa. Werengani liwu lililonse musanalumikize.

Chachitatu, funso lililonse liyendetseni kangapo, chifukwa model siyankha mofanana nthawi zonse. Mu spreadsheet lembani zitatu: yasankha chida choyenera, yadzaza bwino zofunika, yafunsa pomwe imayenera kufunsa.

Chachinayi, konzani chiganizo chimodzi pa nthawi, n'kuyesanso mafunso onse, osati okhawo amene analephera. Kwa ine chinathandiza kwambiri ndi kuwonjezera mzere wonena nthawi yomwe chidacho sichiyenera kugwiritsidwa ntchito, n'kutchula dzina la chida chinzake. Mafunso ena muwasunge padera osawayang'ana pokonza, kuti mudzayesere pomaliza.

Mukasintha model kapena kuwonjezera chida chatsopano, bwerezani kuyambira pa chachitatu.