Momwe mungasemere ndi kupenta kasitima ka nkhondo ka Guendolen

Pa boma la Mangochi, pafupi ndi nsanja ya wotchi mukamayandikira mlatho wa pa Shire, pali mfuti yaikulu ya mtundu wa Hotchkiss. Inachokera pa Guendolen, sitima ya nthunzi ya Angelezi imene inalumikizidwa ku Fort Johnston, dzina lakale la Mangochi, n'kuikidwa pamadzi mu 1899. Mu Ogasiti 1914, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangobuka, Kaputeni Rhoades anapita nayo ku Sphinxhaven, kumene lero ndi ku Liuli m'dziko la Tanzania. Kumeneko anapeza sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, itakokeredwa kumtunda kuti ikonzedwe, ndipo anaiombera, Kaputeni Berndt wa Ajeremaniwo asanamve n'komwe kuti kwagwa nkhondo.

Kunja anthu amagula m'mabokosi zidutswa zapulasitiki za zifanizo za sitima za nkhondo zotchuka monga Bismarck kapena Yamato n'kumangolumikiza. Ife tisema tokha Guendolen, ya pa nyanja yathu ya Malawi, ndi thabwa, waya ndi guluu. Luso la manja kuno si vuto. Chimene chimagwetsa ambiri ndi kuyeza ndi maso, ndiye tiyambire pomwepo.

Choyamba: sikelo ndi kamunthu ka pepala

Tengani sikelo ya 1:100. Ndi yosavuta kuwerengera, chifukwa mita imodzi pa sitima yeniyeni ndi sentimita imodzi pa yanu. Musanagwire sowo, dulani kamunthu ka katoni kotalika mamilimita 17, kuimira munthu wa mita 1.7, n'kukamata pa kathabwa kuti kaziimirira. Kamunthuka kazikhala pa tebulo mpaka ntchito yonse ithe. Mukapanga chitseko, kaimikeni pafupi: kangalowe kosawerama? Mukapanga mpanda wa m'mphepete, kazifika nawo m'chiuno. Chinthu chilichonse chimene kamunthuka kakukana, chotsani, ngakhale chakongola bwanji.

Sonkhanitsani zithunzi zakale za Guendolen pa intaneti, makamaka zoonetsa sitimayo chammbali. Ngati mungakwanitse, pitani ku Lake Malawi Museum ku Mangochi komweko, kumene anamanga chifanizo cha mbali ya kutsogolo ya sitimayi pamodzi ndi poyendetsera pake. Jambulani ndi foni, ndipo wina aime pafupi kuti pambuyo pake muziyerekeza misinkhu. Kenako jambulani mapulani awiri pa pepala, ina yoonera m'mbali, ina yoonera pamwamba. Pa yoonera pamwambayo jambulani theka lokha, pindani pepala pakati n'kudula. Mukatero mbali ziwiri zifanana ndendende.

Chachiwiri: thupi la sitima

Woyamba kumene asavutike ndi mimba ya sitima imene imabisika m'madzi. Semani kuyambira pamene madzi amalekezera kupita m'mwamba, pansi pakhale thyathyathya. Sitima yotero imakhazikika bwino pa thabwa ndipo imaoneka ngati ikuyandamadi.

Malaina ndi wabwino chifukwa ndi wofewa ndipo sang'aluka msanga. Paini nayenso amatheka, bola mupewe pamfundo. Chachikulu, thabwa likhale louma zenizeni. Laliwisi lidzapindika miyezi ikapita, penti n'kung'ambika. Kwa akalipentala kumakhala zidutswa zotsala zimene zauma kale, ndipo n'zokwanira.

Jambulani mzere wapakati kuzungulira thabwa lonse, ndipo ukafufutika ndi sandipepa ubwezereni nthawi yomweyo. Matani pulani ya pamwamba, dulani ndi sowo kunja pang'ono kwa mzere, kenako tsitsani ndi tchizulo ndi fayilo. Muzichotsa pang'ono uku, pang'ono uko, osamaliza mbali imodzi yokha. Dulani tizidutswa ta katoni ta maonekedwe a nthiti za sitima kutsogolo, pakati ndi kumbuyo, muziyeza nato mbali zonse ziwiri. Taonaninso kuti pamwamba pa sitima sipawongoka ngati tebulo: pamakwera pang'ono cha kutsogolo. Kakupindika kameneka mukakaiwala, zotsatira zake zimaoneka ngati njerwa yosongoka.

Chachitatu: kubisa mtengo

Apa ndiye pagona ntchito. Guendolen inali yachitsulo, ndipo chitsulo sichikhala ndi mizere ya mtengo. Kwechani ndi sandipepa wa nambala 120, kenako wosalalirapo wa 240. Pakani andakoti wopyapyala, mudikire aume, kwechaninso ndi 400. Muona timaenje ndi timing'alu timene poyamba simumationa. Tsekani ndi fila amene amagwiritsa ntchito owongola magalimoto, kapena utuchi wosalala wosakaniza ndi guluu wa matabwa. Pakaninso andakoti, kwechaninso. Bwerezani mpaka chala chikamayenda pamenepo chisamve kalikonse, ndipo mukaunika ndi tochi chammbali pasaoneke mthunzi wa mzere. Ambiri amatopa pa ulendo wachiwiri poganiza kuti penti abisa zotsalazo. Penti sabisa, amachita kuonetsa.

Pansi poyenda anthu pokha ndi pamene mtengo uyenera kuoneka. Matanipo kathabwa kopyapyala kwambiri kapena katoni yolimba ya mtundu wa khaki, n'kujambula mizere ya matabwa ndi pensulo yosongoka, motalikirana milimita imodzi ndi theka. Bolopeni ayi, inki yake imayenderera ikakumana ndi vanishi.

Chachinayi: za pamwamba

Zipinda zipangeni ndi katoni yolimba kapena timatabwa, chilichonse pachokha, ndipo musazimate kaye. Chumuni ingachokere ku paipi ya cholembera chakutha, mlongoti ku kamtengo kansungwi kosalazidwa kuti kazichepa kumka kumwamba. Mfuti ija, mpope wake ndi pafupifupi masentimita awiri okha pa sikelo yathu, ndiye kamsomali kakang'ono kodulidwa mutu kakwana. Mtima udzafuna kuikulitsa kuti izioneka. Funsani kamunthu ka katoni kaja.

Mpanda wa m'mphepete ndi wotopetsa koma ndi umene umakopa maso. Boolani timabowo ndi singano motalikirana mofanana, zikani mapini a atelala odulidwa mitu kuti atsale sentimita imodzi pamwamba, kenako kokani waya wa kopa wopyapyala, wochokera m'chingwe cha magetsi chakutha, n'kumadontheza supagulu pa pini iliyonse ndi nsonga ya singano. Osathira kuchokera m'botolo: dontho limodzi lochokera m'botolo pa sikelo imeneyi ndi lalikulu ngati ndowa. Zingwe za pa mlongoti zikhale za ulusi wakuda wopakidwa phula la kandulo kuti usachite ubweya.

Pali chinthu china chimene ndimakonda kuona pa sitima za pa nyanja yathu. Sitima za nthunzi za nthawi imeneyo zinkayendera nkhuni, ndipo zinkaima m'madoko kukatenga mitolo imene anthu a m'mphepete mwa nyanja ankadula. Dulani tinthambi touma topyapyala kuposa ndodo ya machesi, totalika sentimita imodzi, muunjike pafupi ndi chumuni. Aliyense wodziwa mbiri ya nyanjayi akaona muluwo azindikira kuti wosemayo anafufuza.

Chachisanu: penti

Zithunzi za nthawi imeneyo zilibe mitundu, koma zimaonetsa pamene panali powala ndi pamene panali pakuda. Tsatirani zimenezo. Gwiritsani ntchito penti wosanyezimira. Wonyezimira wa pa zitseko amachititsa chifanizo kuoneka ngati chidole cha mwana. Mtundu uliwonse muuchepetse mphamvu pang'ono: mu wakuda dontherani woyera, mu woyera dontherani wotuwa. Sitima mukamaiona patali pa nyanja, mitundu yake imazilala, ndipo kuyang'ana chifanizo cha 1:100 pa mtunda wa mita imodzi kuli ngati kuyang'ana yeniyeni pa mamita 100.

Sungunulani penti akhale wamadzimadzi ndithu, mupake katatu mopyapyala m'malo mopaka kamodzi mochindikala. Burashi ikhale yofewa, iziyenda mbali imodzi, kuchokera kutsogolo kumka kumbuyo. Yambani ndi mitundu yowala, yakuda pambuyo. Pofuna mzere wowongoka matani tepi ya pepala, tsinderani m'mphepete mwake ndi chikhadabo, ndipo muichotse penti asanaumitsitse. Penti wa madzi amauma msanga ndipo sanunkha. Wa mafuta amafuna tsiku lathunthu musanapakenso, nthawi ya dzinja kuposa apo. Musaike penti wa magalimoto wosungunula ndi thina pamwamba pa wa mafuta, amakwinyika pomwepo. Pentani pamalo popita mphepo koma popanda fumbi, ndipo mukamaliza vundikirani ndi katoni. Miyezi ya Okutobala ndi Novembala fumbi silichita manyazi.

Zipinda, chumuni ndi mabwato zikauma pazokha, ndiye muzimate pa sitima. Mukatha, sungunulani penti wofiirira mpaka akhale madzi okhaokha, mudontheze m'makona ndi pansi pa pamene nangula amatulukira, kuti pazioneka kadzimbiri. Kumwamba kwa chumuni pakani mwaye wa makala osinja ndi burashi youma. Musachulutse. Iyi inali sitima ya boma yokhala ndi antchito oisamalira, sinali chiphakasa chotayidwa pa doko.

Chomaliza ndi madzi. Pa thabwa lokhazikapo sitima yalani tishu wonyowetsedwa ndi guluu wa matabwa wosakaniza ndi madzi, mumukwinye pang'ono ndi burashi kuti apange timafunde, okulirapo kutsogolo ndi kumbuyo kwa sitima. Akauma pakani wobiriwira wosakaniza ndi wamtambo, nsonga za mafunde mukhudze ndi woyera, kenako vanishi wonyezimira kawiri. Vanishiyo asakhudze thupi la sitima, ndipo mudikire masiku awiri musanaikepo chovundikira cha galasi.