Mmene mungalowerere mkangano wa baseball nthawi yozizira osangotengeka ndi mayina akuluakulu

Abale anga amene mwafika kuno ku America posachedwapa, mwina mwaona kale kuti World Series, fainolo ya ligi yaikulu ya baseball, ikangotha kumayambiriro a Novembala anthu kuntchito sasiya kukamba za baseball, m'malo mwake ndi pamene mkangano umafika pachimake. Amaitcha hot stove, chifukwa kale anthu ankakhala mozungulira mbaula nthawi yachisanu n'kumatsutsana za timu yawo, ndiye dzinalo linangokhalirira. Ine ndimakhala ku Seattle ndipo ndimasapota Mariners ndi mtima wonse, ndiye ndikufuna ndikuuzeni momwe mungalowerere nawo mkanganowu mukudziwa chomwe mukunena, chifukwa ndi wokoma zedi ukaudziwa mutu wake.

Choyamba muchotse m'mutu transfer window ya mpira wamiyendo. Kumudzi tinazolowera kuti Arsenal kapena Man United itulutsa ndalama, igula pleya ku timu ina, basi yatha. Kuno timu sigula pleya kwa inzake ndi ndalama zambirimbiri, amasinthana anthu. Mufuna pitcher (woponya mpira) wa timu ina, mupereka anyamata awiri atatu amene akadali m'ma ligi aang'ono, aja amati ma prospect. Njira ina ndi free agency, koma pleya amakhala mfulu pokhapokha atakwanitsa zaka 6 mu ligi yaikulu. Asanafike pamenepo timu imamugwira, zaka zitatu zoyambirira amalandira pang'ono, kenako amalowa arbitration pomwe malipiro amakwera chaka ndi chaka. Ndiye mukamva mnzanu akuti "uyu tikadali naye zaka zitatu" akunena chinthu chachikulu, chifukwa pleya wabwino wotchipa amene sangachoke ndi chuma kuposa nyenyezi yodula ya chaka chimodzi. Komanso kuno kulibe zotsika ligi, timu ikhoza kuluza magemu 100 chaka chamawa ili pompo, n'chifukwa chake matimu ena amagulitsa dala anthu awo abwino n'kuyambiranso pansi.

Kenako mudziwe kalendala kuti musamakwiye nthawi isanakwane. Novembala ndi mwezi wa qualifying offer (kontrakiti ya chaka chimodzi yomwe timu imalonjeza pleya wake amene wakhala mfulu) ndi wokonza mndandanda wa anthu 40, mu Disembala kumakhala Winter Meetings komwe mabwana a matimu onse 30 ndi ma agent amakumana pa hotela imodzi ndipo madilu akuluakulu ambiri amaphulika chakumeneko, Januwale kumakhala zii pang'ono, kenako pakati pa Febuluwale spring training, yokonzekera sizoni, imayamba ku Arizona ndi ku Florida. Munthu amene akulira pa 20 Novembala kuti timu sinachite kanthu mungomuuza kuti aise dikira kaye.

Tsopano nkhani yeniyeni. Musayambe ndi funso loti timu yatenga ndani. Yambani ndi loti chaka chatha timu inkadontha pati. Tengani pepala mulembe malo onse, catcher, first base mpaka kunja konse, ma starting pitcher asanu (oponya amene amayamba gemu) ndi bullpen (oponya amene amalowa woyambayo akachoka), ndipo pa malo aliwonse mulembe kuti panali ndani ndipo anachita bwanji. Kuti musamangodalira maso, pitani pa FanGraphs kapena Baseball-Reference muone nambala ija amati WAR. Tanthauzo lake ndi losavuta, ndi magemu angati omwe pleyayo wawonjezerera timu poyerekeza ndi munthu wamba amene angangotengedwa ku ligi yaing'ono. Wa 2 ndi pleya wabwinobwino wa tsiku ndi tsiku, wa 5 ndi wa All-Star, akafika 8 ndiye tikukamba za MVP. Timu yodzaza ndi anthu a zero okhaokha ingawine magemu pafupifupi 48 mwa 162. Ndiye ngati mukufuna magemu 90, timu yonse iyenera kusonkha WAR yoposa 40, ndipo pamenepa m'pomwe mumaonera kuti munthu mmodzi, kaya akhale wotchuka bwanji, sanyamula timu. Baseball si basketball pomwe nyenyezi imagwira mpira nthawi iliyonse yomwe yafuna, kuno womenya wabwino amafika pa plate, malo omenyera mpira, kanayi kapena kasanu pa gemu, nthawi ina yonse akudikira ngati wina aliyense.

Chomwe anthu ambiri amaphonya n'chakuti muyenera kuchotsera. Timu ikatenga pleya wa WAR 5 kuti alowe m'malo mwa wa 4, mwapindula gemu imodzi yokha ngakhale manyuzi alembe sabata yonse. Koma ikatenga wa 2 wosadziwika n'kumuika pamene panali munthu wa zero, mwapindula magemu awiri ndipo palibe amene aimbe lokoma. Ine dilu yachiwiriyi ndimaikonda kwambiri. Denga lodontha umatseka podonthapo, sukaunjika udzu pamene pali bwino kale.

Chitsanzo chomwe ndimachidziwa bwino ndi chathu chomwe. Mu 2024 Mariners inali ndi ma starter asanu omwe ligi yonse inkasilira, Logan Gilbert, George Kirby, Luis Castillo, Bryce Miller ndi Bryan Woo, koma kumenya kunali kovuta, ma strikeout mbwee, ndipo inamaliza 85-77 (kuwina 85, kuluza 77) n'kuphonya playoffs ndi gemu imodzi. Chaka cha 2023 zinalinso chimodzimodzi, magemu 88 koma kutsala ndi imodzi. Nyengo yozizira ya pambuyo pa sizoni ya 2024 anthu tinkayembekezera womenya wa dzina, koma omwe anasaina anali Donovan Solano ndi kubweza Jorge Polanco amene anali atangochita sizoni yofooka komanso opareshoni ya bondo. Mumzinda monse anthu anali okwiya ndipo mkwiyowo unali womveka. Koma 2025 itafika Cal Raleigh, catcher amene anali kale m'nyumba, anamenya ma home run 60, Polanco anachira n'kubwerera mwamphamvu, kumapeto kwa Julayi timu inatenga Josh Naylor ndi Eugenio Suárez ku Arizona, ndipo inawina division yathu ya AL West koyamba chichokereni 2001. Polanco yemwe uja ndi amene anamenya mpira womaliza mu inning ya 15 kutulutsa Detroit. Tinathera ku Toronto pa gemu ya 7 ya ALCS, series yomwe wowina amapita ku World Series, zimapwetekabe, koma palibe amene mu Januwale akanalosera kuti tifika pamenepo.

Yerekezani ndi New York Mets. Disembala 2024 anapatsa Juan Soto zaka 15 ndi madola 765 miliyoni, kontrakiti yaikulu kuposa ina iliyonse, ndipo Soto anasewera bwino ndithu, koma timu inamaliza 83-79 n'kukhala kunja, Cincinnati inalowa ndi magemu 83 omwewo chifukwa inawina ambiri pa magemu omwe awiriwa anakumana. Mu 2023 Mets yomweyo inali ndi payroll yaikulu kwambiri, Verlander ndi Scherzer onse ali momwemo, inamaliza 75-87 ndipo onse awiri anagulitsidwa sizoni isanathe. Sindikunena kuti ndalama sizigwira ntchito ayi, musandimve molakwika. Texas inaluza magemu 102 mu 2021, inasaina Corey Seager ndi Marcus Semien nyengo yozizira imodzi, 2023 inatenga World Series. Dodgers inapatsa Shohei Ohtani madola 700 miliyoni ndi Yoshinobu Yamamoto 325 miliyoni, inawina 2024 n'kubwerezanso 2025. Ndalama zimathandiza zikagwera pa timu yomwe ili kale ndi maziko.

Pa nkhani ya ndalama yomweyi, wina akakuuzani nambala yaikulu mufunse zaka zake ndi msinkhu wa pleyayo. Omenya ambiri akadutsa zaka 30 amayamba kutsika, ndiye kontrakiti ya zaka 8 kwa munthu wa zaka 31 mukulipira zaka zitatu zabwino ndi zisanu zopirira. Mufunsenso kalipiridwe kake. Za Ohtani zija, madola 680 miliyoni adzayamba kulandira mu 2034, panopa amatenga 2 miliyoni yokha pachaka, zomwe zinapatsa Dodgers mpata wosainanso ena. Kuno kulibe malire okhwima a malipiro, kuli luxury tax, mu 2025 mzere wake unali madola 241 miliyoni, ukadutsa umalipira msonkho ndipo ukamabwerezabwereza msonkhowo umakwera. Eni matimu ena amautenga mzerewu ngati khoma, ena samauona n'komwe, choncho mudziwe kuti mwini timu yanu ndi wa mtundu uti musanayambe kulota mayina.

Pomwe ndikufuna muchedwepo kwambiri ndi pa ma pitcher, chifukwa mikangano yambiri ya ku lunch imathera pa ma starter asanu ngati kuti asanuwo afika onse mu Seputembala ali amoyo bwinobwino. Sizichitika. Mkono wa munthu sunapangidwire kuponya mpira ma mile 95 pa ola kambirimbiri tsiku lachisanu lililonse, chigongono chikaduka mtsempha ndiye Tommy John, opareshoni yomwe imamuchotsa munthu chaka chathunthu kapena kuposerapo. Ndiye funsani kuti wachisanu ndi chimodzi ndi ndani, wachisanu ndi chiwiri ndi ndani, ku Triple-A, ligi yaing'ono yoyandikana kwambiri ndi yaikulu, kuli ndani amene angabwere mu Juni osachititsa manyazi. Dodgers ya 2024 yomwe ija ndi ndalama zake zonse inafika mu Okutobala ndi ma starter atatu okha, Flaherty, Yamamoto ndi Buehler, magemu ena ankangosonkherana a bullpen inning imodziimodzi. Inapulumuka chifukwa inali ndi anthu ambiri kumbuyo. Pa bullpen pokha musamatengeke kwambiri ndi zomwe munthu anachita chaka chatha, amaponya ma inning ochepa ndiye chaka chino akhoza kukhala mkango chaka chamawa n'kukhala mbuzi, matimu anzeru amasonkhanitsa ambiri otchipa n'kuona amene agwire.

China chaching'ono koma chimasokoneza anthu ndi bwalo. Ku T-Mobile Park kwathu kuno mpira suuluka, omenya ambiri akabwera manambala awo amatsika, pomwe ku Coors Field ku Denver, pamwamba pafupifupi mamita 1,600, mpira umangopita. Musatenge manambala a munthu ku bwalo lina n'kuwaika pa lanu osaganizira zimenezi.

Mukafika pa funso loti tilowa playoffs kapena ayi, muyambe ndi kuona ngati timu yanu chaka chatha inali ndi mwayi kapena tsoka. Onani ma run omwe inagoletsa kuchotsera omwe inagoletsedwa, ndi momwe inachitira pa magemu osiyana run imodzi. San Diego ya 2023 inali ndi Soto, Machado, Tatis, Bogaerts komanso Blake Snell amene anatenga Cy Young, mphoto ya pitcher wabwino koposa, inagoletsa ma run oposa 100 kuposa omwe inalandira, koma pa magemu a run imodzi inawina 9 n'kuluza 23, n'kumaliza 82-80. Chaka chotsatira, Soto atapita, inawina magemu 93 n'kulowa. Tsoka lotere silikhalitsa, mwayi nawonso sukhalitsa, ndiye timu yomwe inawina magemu ambiri a run imodzi muikayikire pang'ono ngakhale ikhale yanu.

Kenako muyang'ane oyandikana nawo. Kuyambira 2022 matimu 12 ndi amene amalowa, 6 ku American League ndi 6 ku National League, mbali iliyonse atatu owina division ndi atatu a wild card, omwe anawina magemu ambiri mwa otsalawo. Timu iliyonse ya mu division yanu mumakumana nayo ka 13, ndiye ife sitingakambe za Mariners osakamba za Houston ndi Texas. Mulembe matimu onse a mu ligi yanu omwe mukuona kuti angafike magemu 85, akakhala 9 ndipo malo ndi 6 ndiye mwadziwa kukula kwa ntchito. Mu Januwale ndi Febuluwale mumatuluka zolosera za makompyuta, ZiPS, Steamer ndi PECOTA, muziwerenge ndithu chifukwa sizisapota timu iliyonse, koma zikati 86 mumve kuti zikhoza kukhala 80 kapena 92.

Ndipo wina akayamba zoti "ngakhale tilowe sitipita patali", musamuvomereze msanga. Okutobala ndi waufupi, Wild Card ndi magemu atatu basi, Division Series asanu, mu baseball timu yofooka ikhoza kumenya yamphamvu katatu pa sabata imodzi popanda chodabwitsa. Dodgers inawina magemu 111 mu 2022 n'kutuluka pa series yoyamba. Arizona inalowa ndi 84 mu 2023 n'kufika mu World Series. Mariners ya 2001 inawina 116 koma World Series sinaione, mpaka lero ndi timu yokhayo yomwe sinafikeko, ndiye ife a kuno tikamati bola kulowa timanena zochokera pansi pamtima.

Pomaliza kakambidwe kake. Mnzanu akati timu yalakwitsa kugulitsa mwana uja, mufunseni kuti mwanayo ali pa ligi iti, chifukwa wa ku Single-A, ligi yaing'ono ya pansi, akadali kutali zaka zitatu zinayi ndipo ambiri safika n'komwe. Akati tisaine wakutiwakuti, mufunseni kuti achoke ndani pa mndandanda wa anthu 26 ololedwa kusewera pa gemu. Ndipo zomwe mwalosera muzilembe mu foni, magemu angati ndi chifukwa chake, mnzanunso alembe zake, ife kuntchito timatero spring training isanayambe n'kudzatsegula nthawi yosinthana mapleya ikamatsekedwa, kenakonso sizoni ikatha. Ine chaka chino pa pepala langa ndayamba ndi mayina a ma starter atatu amene ali kumbuyo kwa asanu aja, ndipo mu Febuluwale ku spring training yathu ku Peoria, ku Arizona, ndi amenewo ndidzakhale ndikuwatsatira.