Kusankha vinyo wa ku South Africa: werengani botolo musanalipire

Vinyo wambiri amene ali m'masitolo athu amachokera ku South Africa, makamaka m'chigawo cha Western Cape, kumene anayamba kufinya mphesa mu 1659. Mabotolo ake amaoneka ofanana pa shelefu, koma pepala lomatidwa pabotolo limanena pafupifupi zonse za kakomedwe ka vinyo amene ali m'katimo.

Yambani ndi dzina la mphesa. Malamulo a kumeneko amati botolo likatchula mtundu umodzi, mphesa za mtunduwo zisachepere 85 pa 100 zilizonse. Pa vinyo woyera, mtundu umene amalima kwambiri ndi Chenin Blanc, umene alimi akale ankautcha Steen. Amamveka fungo la magwafa ndi maapozi, ndi wowawasa pang'ono, ndipo amayenda bwino ndi chambo chootcha kapena nkhuku. Ngati simukudziwa poyambira, yambirani pamenepa, chifukwa ngakhale wotsika mtengo sakhumudwitsa kawirikawiri. Sauvignon Blanc ndi wowawasa kuposa pamenepo. Chardonnay amene anasungidwa m'migolo ya mtengo wa oak amakhala wolemera m'kamwa.

Pa vinyo wofiira mudzaona Cabernet Sauvignon, Shiraz, Merlot ndi Pinotage. Pinotage ndi wa komweko: mu 1925 Abraham Perold wa ku Stellenbosch anakwatitsa mitundu iwiri, Pinot Noir ndi Cinsaut. Wopangidwa bwino amakoma ndi kanyenya kapena nyama ya mbuzi, koma wopangidwa mosasamala amanunkha ngati labala wopserera, choncho pa Pinotage musathamangire botolo lotchipitsitsa. Cabernet wosakhalitsa amaumitsa m'kamwa ngati tiyi wakuda wopanda shuga amene wakhalitsa m'ketulo. Chimachititsa ndi tannin wa m'makoko a mphesa, ndipo mafuta a nyama ndiwo amamufewetsa. Amene sakonda kuuma kumeneku atenge Merlot.

Kenako funani zilembo W.O. zotsatiridwa ndi dzina la dera. Dongosolo limeneli la Wine of Origin linayamba mu 1973, ndipo likutanthauza kuti mphesa zonse zachokera m'dera lotchulidwalo. Dera likakhala laling'ono, mumadziwa zambiri. "W.O. Western Cape" ndi mphesa zosonkhanitsidwa m'chigawo chonse, zabwino pa vinyo wa tsiku ndi tsiku. Stellenbosch ndi kwa Cabernet ndi vinyo wofiira wosakaniza mitundu. Swartland, cha ku Malmesbury, ndi kotentha ndi kouma. Mipesa yambiri yakale kumeneko imakula ngati zitsamba popanda waya, imabala zochepa koma zokoma kwambiri, makamaka Chenin ndi Shiraz. Elgin ndi Hemel-en-Aarde, kufupi ndi Hermanus, ndi kozizira, mphesa zimapsa pang'onopang'ono n'kusunga kuwawasa kwake, n'chifukwa chake Chardonnay ndi Pinot Noir wa kumeneko amakwera mtengo. Constantia ndi Durbanville amalandira mphepo yozizira ya kunyanja ndipo amadziwika ndi Sauvignon Blanc. Robertson ndi Worcester, m'chigwa cha mtsinje wa Breede, amathirira minda ndipo amatulutsa vinyo wochuluka wa mtengo wofikirika.

Chaka cholembedwa pabotolo ndi chimene mphesa zinathyoledwa, ndipo kumeneko amakolola kuyambira January mpaka April. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa poganiza kuti vinyo wakale ndiye wabwino. Woyera wamba ndi wa rosé (wofiirira pang'ono) imwani asanadutse zaka ziwiri kapena zitatu. Wofiira wotsika mtengo asapitirire zisanu. Wosunga zaka khumi ndi wochepa ndipo mtengo wake umadziwika. Pakhosi pa botolo pakhale kachizindikiro ka bungwe loyendera vinyo kokhala ndi manambala, kotsimikizira kuti mphesa, dera ndi chaka anaziyendera.

Za shuga nazo zili papepala la botolo: "dry" alibe kutsekemera, "semi-sweet" ndi "natural sweet" ndi otsekemera. Muscadel ndi Hanepoot ambiri ndi otsekemera kwambiri ndiponso amawonjezeramo mowa wamphamvu, motero amamwa pang'ono pomaliza chakudya. Cap Classique ndi vinyo wathovu amene amawira kachiwiri m'botolo momwemo.

Chimene chimapha vinyo kwathu kuno ndi kutentha. Botolo limene lakhala pawindo la sitolo kapena m'buti ya galimoto mwezi wa October limapsa: vinyo amafufuma, amakankha chotsekera, ndipo amakoma ngati zipatso zophika. Musanagule onani ngati chotsekera chatukuka, ngati pakhosi pali zomatamata, kapena ngati vinyo woyera wasanduka wabulauni. Likakhala lotero lisiyeni. Mukatsegula n'kumva fungo la katoni yonyowa, vuto ndi chotsekera cha cork (chopangidwa ndi khungwa la mtengo), ndipo palibe chochita koma kubweza botololo. Zotsekera zopotokola sizisonyeza kuti vinyo ndi wachabe, ndipo vuto limeneli silichitikachitika pa izo.

Kunyumba sungani mabotolo pansi, pamdima, kutali ndi mbaula. A cork muwagoneke kuti chotsekeracho chisaume. Woyera amamwedwa pa madigiri 8 mpaka 12, ndiye kuti maola awiri mufiriji. Wofiira amafuna 15 mpaka 18, osati kutentha kwa chipinda cha ku Salima, choncho naye muikeni mufiriji mphindi 20 kapena 30, apo ayi mudzangomva ukali wa mowa. Botolo la 750 ml limadzaza matambula asanu a 150 ml, ndipo vinyo wofiira wa ku Cape nthawi zambiri amafika 14%, pafupifupi katatu mphamvu ya mowa wa m'botolo wamba. Wotsala mutsekeni msanga n'kumuika mufiriji, wofiira yemwe, ndipo athe pasanathe masiku atatu kapena anayi mpweya usanamusandutse viniga.