Kayendedwe Kabwino M'munda wa Maluwa wa ku Zomba

Munthu wofuna kuona bwino munda wa maluwa wa ku Zomba, umene uli m'tsinde mwa phiri pafupi ndi nyumba zakale za boma, ayenera kuyamba wasankha mwezi woyenera, pakuti mundawu umasintha maonekedwe malinga ndi nyengo. Mu Seputembala ndi Okutobala, dzuwa likamaswa mtengo, mitengo ya jakaranda ya m'tauniyi imachita maluwa a mtundu wa pepo amene amayoyoka n'kuyala pansi ngati mphasa. Amene mtima wawo uli pa maluwa ang'onoang'ono a pansi, monga a mtundu wa chinaka, adikire dzinja, makamaka Januwale ndi Febuluwale, koma avale nsapato zogwira bwino chifukwa miyala ya m'mbali mwa mtsinje imakhala ya ndere ndipo imaterera kwambiri. Mu Juni ndi Julayi musasiye juzi kunyumba, popeza chiperoni chikatsika m'phiri kumazizira ngakhale masana.

Fikani m'mawa, lipirani pachipata, ndipo m'malo mothamangira pakapinga monga amachitira ambiri, tsatirani mtsinje wa Mulunguzi umene umadutsa m'mundamo. Kumeneko n'kumene kuli nsungwi zowirira ndi mitengo italiitali ya mthunzi, ndipo mukamayenda pang'onopang'ono n'kumawerenga tizikwangwani ta mayina pamene tilipo, mudzaona kuti mitengo ya kwathu kuno yasakanikirana ndi yochokera kunja. Izi zili choncho chifukwa pamene katswiri wa zomera Alexander Whyte ankayambitsa mundawu mu 1891, m'nthawi ya Harry Johnston, mkulu wa boma la atsamunda, cholinga chinali kuyeserapo mbewu ndi mitengo yachilendo kuti aone ngati ingalole m'dziko muno. Whyte yemweyu ndi amene dzina lake linalowa m'dzina la sayansi la mkungudza wa ku Mulanje, Widdringtonia whytei, mtengo wa fuko lathu.

Kamba wanu mumusunge m'chikwama chotseka, chifukwa apusi a kumeneko anazolowera anthu ndipo satenga nthawi kutsomphola nthochi ili m'manja. Kuwapatsa chakudya n'kumene kumawawonjezera chipongwe. Musathyole duwa kapena kuzula mbande, pakuti bungwe la National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi, limene limayang'anira malowa, limasunga zomerazi kuti zithandize pa kafukufuku ndi maphunziro. Ngati mukufuna bata loti mumve kulira kwa mbalame ndi mkokomo wa madzi, pitani m'kati mwa sabata, chifukwa Loweruka kumachuluka a ukwati odzajambulitsa.